Likongwe ndi Mwala Woyesera Zingwe

Padangokhala, kale nyama zisanayambe kubisirana nzeru, panali midzi iwiri yoyang'anizana, mtsinje uli pakati. Minda inali tsidya lino, nkhokwe zili tsidya ilo, ndiye aliyense ankawoloka tsiku ndi tsiku, afune asafune. Ankawolokera pa ulalo wa zingwe.

Ulalowo unalibe mwini. Aliyense wodziwa kupota luzi ankabweretsa chingwe chake, kaya ndi wa m'mudzi, kaya ndi mlendo wongodutsa. Kapotedwe kake sikanali kobisa. A midzi yakutali ankabwera kudzaonera n'kukamanga wawo kwawo, osalipira kanthu. Chingwe chatsopano chikalowa pa ulalo, chakale chimodzi ankachichotsa n'kukachipachika m'chisakasa, kuti chatsopanocho chikavuta abwezeretse chakale. Motero ulalo sunkakalamba.

Koma chingwe sichinkangolowa chisawawa. Choyamba chinkadutsa m'maso mwa nduna ziwiri, a Nadzikambe ndi a Kadzidzi. A Nadzikambe ankayenda pachingwe kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, diso lina pamwamba, lina pansi, mwendo uliwonse akuunyamula ngati akupempha chilolezo. Akatha iwo, ankaonanso a Kadzidzi. Onse awiri akavomera, chingwe chinkapita ku diwa, lomwe linali tsidya lino pafupi ndi chisakasa.

Diwa limeneli silinali la mbewa. Unali mwala waukulu wokhazikidwa pa mphanda, pamwamba pake pali mtanda. Ankamanga chingwe nsonga ina kumtanda, ina kumwala, n'kugwetsa mphanda. Chingwe chikakhala cholimba, mwala unkangolendewera. Chikakhala chabodza chinkaduka, mwala n'kugwa pansi kuti thii! midzi yonse iwiri n'kumva. Mwalawo sunkadziwa mbale, sunkaopa wamkulu, sunkalandira nkhuku. Woubwezera pa mphanda anali kapitawo wa diwa, a Njiri, ndipo panalibe amene ankakumbukira kuwathokoza.

Asanagwetse mphanda ankayamba aimba kanyimbo. Mwini chingwe ankatsogolera, kuufunsa mwala ngati manja ake anena zoona, ndipo onse ankavomera ndi mawu amodzimodzi omwewo, omukumbutsa kuti mwala ulibe mlamu. Kenaka ankaomba m'manja kamodzi, mphanda n'kugwa. Panalinso lamulo lina lakale limene ambiri anali ataliiwala, lakuti mwala weniweniwo ukadzakayikiridwa, ulalo wonse umasulidwe, chingwe chilichonse chiyesedwenso.

M'mudzi wa tsidya lino munali Likongwe, mnyamata woonda, wamaso akuthwa, amene chibadwire anali asanasendepo luzi. Pa ulalo ankawoloka kuposa wina aliyense, ndipo nkhuku za tsidya ilo zinkamudziwa bwino. Ameneyu anaona Insa, mbeta ya tsidya ilo, imene inkawoloka m'mawa uliwonse ndi dengu kupita kumunda. Tisanamizane, chimene chinayamba kumukoka Likongwe si Insa ayi, koma khola la nkhuku la atsibweni ake a mtsikanayo, a Mbawala. Anasamba, anadzola, anapita kukafunsira.

"Mukufuna mbumba yanga?" anafunsa a Mbawala.

"Ndi mtima wonse, wawa."

"Pa ulalo pali chingwe chanu?"

"Chili m'njira, wawa."

"Chikafika mudzabwere. Mbumba yanga imaponda ulalo uja tsiku lililonse. Mwamuna amene ali ndi chingwe chake pamenepo saupeza tulo mvula ikamagwa, ndipo ine ndikufuna mkamwini wotero. Zina sindikufunsani."

Insa anali kuseri kwa nkhokwe akutola nyemba, ndipo anamva zonse. Anaseka chamumtima.

Likongwe anaona kuti mtengo wake ngwotsika. Anatola luzi lotayidwa kuseri kwa chisakasa, analipotapota dzuwa lisanapendeke, n'kupita nalo kwa a Nadzikambe. Iwo anangopondapo kawiri n'kuima.

"Mwana wanga, ichi n'chingwe kapena chisa cha mbewa?"

"Ndi kapotedwe katsopano, agogo."

"Kapote kachikale, ubwerenso."

Kachiwiri Likongwe anagwirako ntchito, koma ya pakhungu pokha. Mkati anaikamo udzu, kunja anakulunga luzi losalala bwino la mombo, ndipo anafika nacho masana dzuwa likuswa mtengo. A Nadzikambe anayenda mpaka kunsonga, anaona kunja kokhako, anati chakongola. A Kadzidzi anali m'tulo tawo ta masana. Anatsegula diso limodzi.

"A Nadzikambe aona?"

"Aona, akulu."

"Ndiye inenso ndaona."

Anachimanga ku diwa. Likongwe anatsogolera nyimbo ndi mawu okoma ndithu, kuufunsa mwala ngati manja ake anena zoona. Onse anavomera, anaomba m'manja, mphanda inagwa. Thii!

"Kunali mphepo!" anakuwa Likongwe. "Nonse mwaiona mphepoyo. Yesaninso."

Mwambo unkalola kuyesanso, poti nthawi zina mfundo inkapulumuka yokha. A Njiri anagwada, analowetsa phewa, anaubwezera mwala akubuula. Anamanga chotsalacho, anaimba, anaomba. Thii!

"Mfundo ija inamangidwa mokhota. Yesaninso."

A Njiri anaunyamulanso, mitsempha ili tolotolo m'khosi. Anaimba kachitatu, ovomera atachepa kale. Thii!

"Yesa..."

"Ukangomaliza liwu limenelo," anatero a Njiri, "ndikumangirira iweyo kumtandaku, tione ngati ulimbe."

Wina akanapita kukaphunzira kupota. Likongwe anakhala pansi n'kuyamba kuganiza za mwala. Anaona chinthu chimene onse anachizolowera mpaka kusiya kuchiona: chingwe chili ndi ochiyang'ana awiri ndiponso mwala wochiyesa, koma mwalawo panalibe ankauyang'ana, panalibe ankauyesa. M'mawa mwake anapita kwa a Njiri, anawapeza atagona chafufumimba, mwala udakali pansi pomwe unagwera dzulo.

"Achimwene, msana wadzuka bwanji?"

"Ukufunsa iwe amene waupweteka?"

"N'chifukwa chake ndabwera. Zaka zonsezi mwakhala mukunyamula chimwala chimenechi, ndani anakuponyeraniko ngakhale chinangwa chimodzi? Akamaimba amatchula mwala. Inu dzina lanu mulibe m'nyimbo."

Mawuwo anawalasa a Njiri, chifukwa anali oona.

"Agogo anga anandisiyira mankhwala a mphamvu," anapitiriza Likongwe. "Mphini ziwiri paphewa, basi. Mwala uja muzidzaunyamula ngati dzungu."

"Ndikupatsa chiyani?"

"Ulere, achimwene, ngati ulalo womwewu. Kungoti ali ndi choletsa chake. Mphini zisanaume musayandikire diwa, musaliyang'ane n'komwe."

Anawatema mphini, anapakamo makala a chitsononkho. A Njiri analengeza kuti diwa lipume kaye, n'kupita kukagona kwa mlongo wawo.

Masana, onse ali kuminda, Likongwe anayamba kukumba pansi pa mwala. Anakumba, anakumba, mpaka mwala unatitimira wokha m'dzenje, iye n'kukwirira bwinobwino. Anatenga chipanda chachikulu, anathiramo mchenga pang'ono kuti mphepo isamachigwedeze, anachimata dothi la pachulu, anachipaka phulusa, anachiumika. Thukuta limene anakhetsa pamenepo likanapota zingwe zabwino zitatu, koma iye sanaziwerengere choncho.

Mphini zitauma a Njiri anabwera. Anagwada monga mwa masiku onse, anamanga mano, analowetsa phewa, ndipo pang'onong'ono akanauponya mwala kuseri kwa mtanda.

"Mayo ine, mankhwala awa!"

"Musauze munthu, achimwene, angasukuluke."

Likongwe anabwera ndi chingwe chachitatu, chofanana ndi chachiwiri chija, udzu mkati, luzi kunja. A Nadzikambe anati chakongola, a Kadzidzi anati aona. Anaimba, anaomba m'manja, mphanda inagwa, mwala unangolendewera phee. Nthungululu zinamveka. Chingwe cha Likongwe chinalowa pa ulalo, chakale chabwinobwino n'kupita m'chisakasa. A Mbawala sanabweze mawu awo. Anati ukwati udzachitike mvula yoyamba isanagwe, ndipo pakali pano mkamwini azikalima kumunda kwa Insa.

Likongwe ankaganiza kuti wadzitsegulira yekha khomo. Anaiwala kuti khomo likatseguka amalowa ndi agalu omwe.

Mwezi unatha osamveka thii. Nyama zinayamba kuyamikirana kuti masiku ano tadziwa kupota. Amene kale ankachita manyazi anatulukira. Fisi anabwera ndi chingwe cha udzu wauwisi, chinadutsa. Pusi anabwera ndi cha makoko a nthochi, chinadutsa. Ngakhale odziwa kupota enieni, amene kale mwala unkawauza pamene dzanja laterera, tsopano analibe wowatsina khutu, ndipo dzanja linayamba kuterera kawirikawiri. Zingwe zodikira kuonedwa zinachuluka mpaka mzere unazungulira chisakasa. A Nadzikambe anayamba kuyenda theka la chingwe basi, amvekere zotsalazo mwala uona. A Kadzidzi anasiya kutsegula ndi diso limodzi lomwe lija. Chatsopano chilichonse chikalowa, chakale chimodzi chinkatuluka, monga mwa mwambo.

Kumunda nako kunabuka vuto limene silinali m'mapulani. Insa ankamuseka Likongwe kagwiridwe ka khasu, ankamusungira chimanga chootcha pansi pa dengu, ndipo sankamutchula dzina lake. Ankamuitana kuti a Chili-m'njira.

"A Chili-m'njira, mzere wanuwo ukupita kuti? Munda uli kuno."

"Ndi kalimidwe katsopano."

"Limani kachikale, tidye."

Likongwe anadzazindikira kuti papita masiku osaganizako za nkhuku za a Mbawala. Anali atamukonda mtsikanayo, kumukonda kwenikweni. Ndipo m'mawa uliwonse ankaima tsidya lino kumuonerera akuwoloka ndi dengu pamutu, ulalo ukutsika pansi pa mapazi ake, ukulira tswii, tswii. Ena onse ankawoloka akucheza. M'midzi iwiri yonse amene ankadziwa chimene akupondapo anali mmodzi. Likongwe anachita mantha amene anali asanawamvepo ngakhale pothamangitsidwa ndi agalu.

Anayamba ndi Insa.

"Ndalota zoipa. Ndalota ulalo utaduka inu muli pakati. Bwanji muzigona tsidya lino kwa azakhali anu mpaka ukwati?"

"Munadya chiyani dzulo? Zingwe zonse zija zinadutsa pa diwa, ndi chanu chomwe. Kapena chanucho mukuchikayikira?"

"Ayi, changa n'cholimba."

"Ndiye gwirani khasu."

Anapita kwa a Nadzikambe.

"Agogo, bwanji muziyendanso mpaka kunsonga ngati kale? Muzifinyako ndi mkati momwe."

"Taona mzerewo. Maso angawa ndi awiri okha, miyendo mukuidziwa. Mwala ulipo, mwana wanga, sunama."

Anadzutsa a Kadzidzi n'kuwauza zomwezo.

"A Nadzikambe akuti chiyani?"

"Akuti mwala ulipo."

"Ndiye ulipo."

Apa Likongwe anachita chimene akanayambira. Analowa m'chisakasa, anatsitsa chingwe chimodzi chakale n'kuchimasula kuti aone mkati mwake, poti zimenezi zinali zololedwa kwa aliyense. Anaona mmene luzi limagonera pa linzake, pamene amalumikizira, pamene amabwerezera. Anapita kukasenda mombo, anaviika luzi, anapota, anamasula, anapotanso, mpaka zikhatho zinatuluka matuza, matuza n'kuphulika. Chingwe chinatuluka chenicheni, cholemera m'manja. Anathamanga nacho kwa a Nadzikambe.

"Agogo, ichi chokha chioneni lero."

"Kumbuyo kwa mzere."

"Koma ichi n'chabwino!"

"Onsewo akutero. Kumbuyo kwa mzere."

Anachiika kumbuyo kwa mzere, pambuyo pa chingwe chachiwiri cha Fisi. Ndipo ali chiimire pomwepo anadziwerengera yekha kuti ngakhale chikanalowa lero, chingwe chimodzi chabwino pakati pa udzu ndi makoko a nthochi sichinyamula munthu. Njira inatsala imodzi, ya lamulo lakale lija. Koma ulalo ukamasulidwa, chingwe chake cha udzu chidzayesedwa ndi mwala weniweni, ndipo mawu a a Mbawala adzaduka limodzi nacho. Likongwe anaganiza n'kuganizanso, kufunafuna kakhomo kakumbali, poti moyo wake wonse kakhomo kakumbali kankapezeka. Ulendo uno sikanapezeke, ndipo tsiku la ukwati linafika.

Mwambo wa kumeneko unali wakuti akuchikazi awoloke onse pamodzi kudzatenga mkamwini, akuvina, ng'oma patsogolo, mitsuko ya mowa pambuyo, mkwatibwi ali pakati. M'mawa ng'oma zinayamba kulira tsidya ilo. A tsidya lino anasonkhana pa diwa kudikira alendo, nduna zonse ziwiri zilipo, a Njiri ali poteropo akuonetsa ana mapewa.

Likongwe anapita kudzala, anathothola nthambi ya dzungu yoyanga pamenepo, ija mwana amaidula ndi zala ziwiri, n'kubwera nayo akuikoka.

"Akuluakulu, kwathu mkwati asanatengedwe amayamba waseketsa anthu. Nachi chingwe china chimene ndapota. Chiyeseni."

Onse anafa nalo phwete.

"Diwa si choseweretsa," anatero a Nadzikambe.

"Lero lokha, agogo. Kapena a Njiri atopa, sangathe kuutola mwala ukagwa?"

"Ndani watopa?" anadzuma a Njiri. "Mangani! Ugwe, ndiutola ndi phewa limodzi."

Anaimanga nthambi ya dzungu, nsonga ina kumtanda, ina kumwala, akuseka. Likongwe anatsogolera nyimbo. Mawu ake sanakome ngati kale, ndipo funso lija lakuti manja ake anena zoona kapena ayi analiimba maso ali pansi. Onse anavomera mwachibwana, ena atatseka kale makutu kudikira thii. Anaomba m'manja. Mphanda inagwa.

Mwala unalendewera pa nthambi ya dzungu, ukuzungulira pang'onopang'ono.

Panalibe analiza nthungululu. Amene anatseka makutu anatsitsa manja. Aliyense anayang'ana nthambi ija, kenaka anatembenukira ku ulalo, ndipo aliyense amene anali ndi chingwe pamenepo anakumbukira mmene anachipotera. Tsidya ilo ng'oma zinali zikuyandikira.

"Imitsani ng'oma!" anakuwa a Nadzikambe, amene chibadwire anali asanakuwepo. "Asaponde! A Kadzidzi, ulukani!"

A Kadzidzi sanafunse kuti wina waona kapena ayi. Anauluka masanasana, maso onse awiri ali tong'o, n'kukatera pakhomo pa ulalo atatambasula mapiko, woimba ng'oma woyamba atatsala pang'ono kuponda.

A Njiri anayandikira mwala n'kuugogoda ndi dzino. Unalira ngati ng'oma yong'ambika. Anagogodanso, dothi linasendeka, mchenga unayamba kuyoyoka. Anayang'ana chipandacho nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mphini za paphewa pawo.

"Likongwe, mankhwala aja anali chiyani?"

Bodza linalipo. Likongwe anali atalikonza kale, labwino ndithu, lonamizira Fisi, ndipo ambiri akanalikhulupirira. Koma mlandu wa Fisi ukanatenga masiku, mwala weniweni ukanakhalabe wosowa, ndipo anthu akasowa choyesera satenga nthawi kunena kuti tiyeni tizingowoloka mosamala.

"Makala a chitsononkho, achimwene."

"Mwala uli kuti?"

"Mwaupondapo."

A Njiri anagwada n'kuyamba kufukula. Sanamumenye, sanamutukwane, ndipo Likongwe akanakonda akanamumenya.

Tsiku lomwelo anayamba kumasula ulalo. Akuchikazi anabwerera ndi mowa wawo, Insa ali pakati, ndipo Likongwe anangoona msana wake kutsidya. Mwala weniweni unabwerera pa mphanda. Thii unamveka m'mawa, masana, madzulo, tsiku ndi tsiku, mpaka ana anasiya kudzidzimuka. Cha Fisi chinaduka, cha Pusi chinaduka, za odziwa kupota zina zinaduka eni ake akuyang'ana kumbali. Cha Likongwe cha udzu chija chinaduka anthu asanatsitse manja. Zakale za m'chisakasa anazitsitsa, koma zambiri chiswe chinali chitalawako, poti nthawi imene zonse zinkadutsa panalibe ankalowamo kukazikuntha.

Mvula inagwa ulalo kulibe. A tsidya ilo anakhala ndi nkhokwe opanda minda, a tsidya lino ndi minda opanda nkhokwe, ndipo mbali zonse ziwiri zinalawa njala. Munda wa Insa sunamere thengo. Likongwe ankaupalira yekha, mizere yowongoka, popanda womutuma ndiponso popanda womuona.

Mzere utafika pa chingwe chake chatsopano chija, ena anati chitayidwe mumtsinje pamodzi ndi mwini wake.

"Lamulo limati chingwe chiyesedwe," anatero a Nadzikambe. "Silinena za mwini. Ndipo pa nkhani imeneyi amene anasiya ntchito yake si mmodzi."

Anayenda pachingwecho mpaka kunsonga, anabwerera, anachifinya, anachinunkhiza. A Kadzidzi anachiona okha, maso awiri, osafunsa za a Nadzikambe. Anachimanga ku diwa. Likongwe anatsogolera nyimbo, ovomera anali ochepa, koma anavomera. Mphanda inagwa, mtanda unalira, mwala unalendewera.

"Chalimba," anatero a Njiri, osamuyang'ana, n'kulowetsa phewa. Masiku amenewo anali atapatsidwa owathandiza awiri, ndipo dzina lawo linali litalowa m'nyimbo.

Kuyambira pamenepo anaika mwambo wina. M'mawa uliwonse, asanayese chingwe cha munthu, ankayamba amanga nthambi ya dzungu. Ikaduka, mwala n'kugwa kuti thii, ankadziwa kuti mwala uli moyo, ntchito n'kuyamba. Ikapanda kuduka, zonse zinkaima.

Likongwe anapempha a Kadzidzi kuti akauze a Mbawala kuti chingwe chabwino chilipo tsopano. A Kadzidzi anauluka, anabwerako.

"Akuti akondwa nacho. Akuti mbumba yawo izichiponda mosaopa."

"Za ukwati?"

"Akuti mawu aja anali pa chingwe cha udzu chija, ndipo thii wake anaumva ali kwawo."

"Nanga Insa wati chiyani?"

"Anali akusinja. Sanaleke kusinja."

Ulalo unatha kumangidwa chimanga chitacha. Mwambo unali wakuti pa tsiku lotsegulira, eni zingwe aime pakhomo pa ulalo kuonerera oyamba kuwoloka, ndipo Likongwe anaima nawo, kumapeto kwa mzere. Oyamba kuwoloka anali a ukwati. Nyengo yonse ya mvula, Gwape wa tsidya ilo ankatungira a Mbawala madzi ndi kuwafolerera nkhokwe, ndipo chingwe chake chinali chitauluka ndi a Kadzidzi kudzayesedwa, n'kulimba ulendo woyamba. Tsopano anali atakwatira Insa, ndipo akuchikazi ankabwera kudzamuonetsa munda wa mkazi wakeyo.

Anawoloka onse pamodzi, ng'oma patsogolo, mitsuko pambuyo, akuvina ndi kudumpha, Insa ali pakati. Likongwe sanayang'ane nkhope ya munthu. Maso ake anali pa mapazi a Insa ndi pa zingwe. Ulalo sunatsike, sunalire.

Atatsala pang'ono kufika, Insa anaima. Chingwe cha m'mphepete chinali chonenepa kuposa zinzake, chopotedwa mothina ngati wopotayo ankakangana nacho. Anachiponda, anachikanikiza ndi chiboda.

"A Njiri, ichi n'cha ndani?"

"Cha Likongwe."

Insa anachikanikizanso kachiwiri. Anadzutsa mutu, anamupeza kumapeto kwa mzere kuja.

"Chinali m'njira," anatero. "Chafika."

Anatsika pa ulalo, anadutsa pafupi naye, n'kupita ndi mwamuna wake kukaona chimanga.

Nthano yanga yadukira pomwepa. Wofuna kuilumikiza abwere ndi luzi lake, mwala ulipo.